Agogo Apitirize Mapiritsi Kapena Asiye?

Mu 2018 mayiko awiri oyandikana anagamula mosiyana nkhani ya mankhwala amodzimodzi. M'mwezi wa June, bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za boma ku England, linanena kuti munthu wodwala Alzheimer asasiyitsidwe mankhwala monga donepezil pa chifukwa chokhachi chakuti matenda ake afika povuta. Pa 1 August chaka chomwecho, boma la France linaleka kulipirira anthu ake mankhwala onse anayi a matendawa, potsatira akatswiri a Haute Autorité de Santé amene anati phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi mavuto omwe amadzetsa m'thupi la okalamba. Madokotala a ku London ndi a ku Paris anawerenga kafukufuku yemweyo, ndipo palibe mwa iwo amene tinganene kuti sadziwa ntchito. Ngati akatswiri otere anasemphana, n'zosadabwitsa kuti abale a bere limodzi amafika posalankhulana, wina ati amayi apitirize kumwa, wina ati mapiritsiwa akungowazunza.

Funso limeneli dokotala sangaliyankhe yekha, kaya akhale wodziwa chotani, ndipo banja nalo silingaliyankhe palokha. Chifukwa chake chagona pa mmene mankhwalawa amagwirira ntchito.

Zimene mapiritsiwa amachita

Matenda oiwalaiwala, amene kuchipatala amati dementia, si ukalamba wamba, si kulodzedwa, ndipo si ufiti. Ubongo ndiwo ukuwonongeka. Mayi amayamba ndi kuiwala zimene wauzidwa m'mawa womwewo, kenako amasochera panjira ya kudimba imene waiyenda kuyambira ali mtsikana, ndipo pamapeto pake amalephera kuvala, kusamba ndi kuzindikira ana ake. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi a chuma chapakatikati. Mtundu wofala kwambiri ndi umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906 atapima ubongo wa mayi wina amene ankamusamalira ku Frankfurt.

Mu 1976 ofufuza a ku Britain, mmodzi mwa iwo Peter Davies wa ku Edinburgh, anapeza kuti mu ubongo wa anthu omwalira ndi Alzheimer munkaperewera kwambiri chinthu chopangira acetylcholine, timadzi timene maselo a ubongo amatumizirana nato uthenga pokumbukira ndi potchera khutu. Apa m'pamene panachokera maganizo akuti popeza timadziti tatsala tochepa, kuli bwino kutchinga chimene chimatiphwanya kuti tizikhalitsako. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, tacrine, analoledwa ku America mu 1993, koma ankavulaza chiwindi ndipo anasiyidwa. Mu 1996 kunabwera donepezil wa kampani ya ku Japan ya Eisai, amene ambiri amamudziwa kuti Aricept. Rivastigmine ndi galantamine anatsatira, ndipo mu 2002 mayiko a ku Ulaya analola memantine, amene njira yake ndi ina: amachepetsa kutakasika kopyola muyezo kumene timadzi tina, totchedwa glutamate, timayambitsa m'maselo.

Onse anayiwa saletsa maselo kufa. Zili ngati kusonkheza zikuni zomwe zili kale pamafuwa: lawi limakwera ndithu, wina n'kuotherapo, koma nkhuni sizinawonjezeke. Mwa anthu ena kusintha kumaoneka. Amayambanso kucheza, kufunsa za zidzukulu, kupeza okha chimbudzi usiku. Mwa ambiri sikuoneka n'komwe. Womwa mankhwala a malungo timamuona akudzuka pamphasa, koma womwa donepezil amapitirirabe kutsika, ndipo palibe amene angaloze n'chala kuti akanapanda kumwa bwenzi pano atafika pakuti. Mwana akamati, "Mankhwalawa sakugwira, chaka chatha ankandidziwa, lero akundiitana dzina la malemu azakhali," akunena zoona zimene waona ndi maso ake. Komabe zimenezo sizitsimikiza kuti mapiritsiwo sakuthandiza.

Kuli mankhwala atsopano, lecanemab amene America inamuvomereza kotheratu mu 2023 ndi donanemab wa mu 2024, amene amachotsa zinyatsi za amyloid mu ubongo. Kawirikawiri amaperekedwa kudzera m'dilipi, kwa okhawo amene matenda angoyamba kumene, ndipo amafuna kujambula ubongo kawirikawiri chifukwa angautupitse kapena kuukhetsa magazi. Mtengo wake ndi woti ngakhale NICE inakana mu 2025 kuti boma liziwalipira ku England. Mabanja ochuluka padziko lapansi akamakambirana zosiya kapena kupitiriza, akunena za mapiritsi anayi akale aja.

Osiya ndi opitiriza atayesedwa

Njira yodziwira zoona ndi kusiyitsa ena, ena n'kupitiriza, wodwala ndi womusamalira osadziwa gulu limene alimo. Izi n'zimene anachita Robert Howard ndi anzake m'kafukufuku wotchedwa DOMINO, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Anatenga anthu 295 a ku England ndi Scotland, onse okhala kunyumba, amene matenda awo anali pakatikati kapena povuta ndipo anali akumwa kale donepezil. Ena anapitiriza, ena anapatsidwa mapiritsi opanda kanthu ooneka ngati enieni, ndipo theka la gulu lililonse linawonjezeredwa memantine. M'chaka chimene anawatsatira, opitirizawo ankaposa anzawo ndi mamalikisi 1.9 pa mayeso a kaganizidwe a mamalikisi 30, pamene ofufuzawo anali atagwirizana kale kuti kusiyana kofika 1.4 n'koyenera kukulabadira. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku monga kudya ndi kuvala, kusiyana kunalipo koma kunaperewera pang'ono pa muyezo umene anaika. Mu 2015 gulu lomwelo linaonetsanso kuti m'chaka choyamba, osiyitsidwa donepezil ankapita kunyumba zosungirako okalamba mowirikiza pafupifupi kawiri kuposa opitiriza. M'zaka zitatu zotsatira kusiyanako sikunaonekenso.

Umboni umenewu ndi wolimba, ndipo aliyense wofuna kusiyitsa wodwala ayenera kuudziwa. Koma tiuwerenge modekha. Mamalikisi awiri pa 30 ndi kukumbukira tsiku la sabata ndi dzina la mudzi. Kwa banja lina chimenecho ndi chuma, kwa lina si kanthu ngati malipiro ake ndi kuchapa zofunda zodetsedwa m'mawa uliwonse. Komanso nambalayi ndi ya gulu lonse pamodzi. M'kati mwake muli ena amene anatsika msanga atasiya, ndi ena amene sanasinthe. Ku Toronto mu 2016, Nathan Herrmann ndi anzake anayesa zofanana pa anthu 40 okhala kumalo osamalirako odwala, amene anali atamwa mankhwalawa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ambiri mwa osiyitsidwa anasiya popanda vuto looneka m'milungu isanu ndi itatu imene anawayang'anira. Amene anaipirako anali makamaka aja amene asanasiye ankaona zideruderu kapena kukhulupirira zinthu zoti kulibe.

Mtundu wa matenda nawo uli ndi mawu ake. Odwala mtundu wotchedwa Lewy body, komanso amene kuiwala kwawo kwabwera ndi Parkinson, nthawi zambiri amathandizika mooneka, makamaka pa zideruderu, choncho kuwasiyitsa kumafuna kusamala kwambiri. Odwala mtundu wa frontotemporal, umene umayamba ndi kusintha khalidwe kapena kulankhula, NICE imati asapatsidwe n'komwe. Amene ubongo wawo wawonongeka ndi sitiroko ndi kutsekeka kwa mitsempha ya magazi amaganiziridwa pokhapokha ngati dokotala akukayikira kuti mulinso Alzheimer, Lewy body kapena Parkinson. N'chifukwa chake funso loyamba pokambirana ndi lakuti, kodi agogowa anapatsidwiranji mankhwalawa poyamba, ndipo amene anawalembera anapeza matenda ati?

Zimene thupi limalipira

Acetylcholine sapezeka mu ubongo mokha. Ali m'matumbo, mu mtima, m'chikhodzodzo ndi m'minofu, ndipo piritsi silisankha koti ligwire. Ndiye kumabwera nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, kusafuna chakudya, kukokana kwa miyendo usiku ndi maloto oopsa. Kuwonda ndi kumene kumazembera banja, chifukwa aliyense amati ndi ukalamba, mpaka tsiku limene chitenje chikuzungulira m'chiuno kawiri. Choopsa kwambiri ndi mtima kugunda mochedwa, munthu n'kuchita chidima n'kugwa. Wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri sayendanso ngati kale. Ngozi imeneyi imakula ngati akumwanso mankhwala a BP monga atenolol kapena propranolol, omwe nawonso amachedwetsa mtima. Wosamalira wodwala angathe kuwerenga yekha: zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, maso pa wotchi ya pafoni, mphindi yathunthu. Kugundako kukalephera kufika 50, kapena agogo akamadzandira poimirira, imeneyo ndi nkhani yopita nayo kuchipatala osadikira tsiku la sikelo. Memantine ali ndi zake: chizungulire, mutu, kudzimbidwa ndi tulo, ndipo mlingo wake umatsitsidwa impso zikafooka.

Pali msampha wina umene ofufuza a ku Ontario, motsogozedwa ndi Sudeep Gill, anauonetsa mu 2005. Donepezil ndi anzake amatha kuchititsa munthu kulephera kusunga mkodzo. Banja limakadandaula kuchipatala, dokotala wina amene sakudziwa chiyambi chake amalemba oxybutynin, mankhwala amene amagwira ntchito potsekereza acetylcholine yemwe uja. Munthu mmodzi n'kumamwa mapiritsi awiri olimbana okhaokha, n'kulandira zoipa za onse awiri. Kwathu kuno msampha womwewu umabwera ndi mankhwala odziwika kwa aliyense. Amitriptyline amene amaperekedwa miyendo ikamayaka moto kapena tulo tikamasowa, Piriton wa chimfine wogula pagolosale, ndi promethazine, onsewa amatsekereza acetylcholine ndipo amatha kuwonjezera kusokonezeka mutu kwa wokalamba. Choncho popita kukakambirana, tengani jumbo yonse n'kuikhuthula patebulo la adokotala: timapepala ta kuchipatala cha boma, timabokosi ta ku famase, Brufen wa mawondo amene pamodzi ndi donepezil angapweteke m'mimba mpaka kutaya magazi, ngakhale botolo la mankhwala azitsamba limene apongozi anabweretsa. Nthawi zina choyenera kusiyidwa si donepezil, koma chinthu china chimene chili m'jumbomo.

Ndipo si vuto lililonse limene yankho lake n'kusiya. Maloto oopsa amatha kuchepa piritsi likamamwedwa m'mawa m'malo mwa usiku. M'mimba mumatha kukhazikika mlingo ukatsika kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg. Rivastigmine alipo womata pakhungu, wosavutitsa kwambiri m'mimba, bola womatayo azikumbukira kuchotsa chadzulo asanamate chatsopano, chifukwa zikakhala ziwiri pathupi mankhwala amachuluka moopsa.

Atatu amene akudziwa

Mu 1997 Cathy Charles, Amiram Gafni ndi Tim Whelan a ku McMaster University ku Canada anafotokoza zimene ziyenera kukhalapo kuti tinene kuti dokotala ndi wodwala asankhira limodzi: pakhale anthu osachepera awiri, aliyense auze mnzake zimene akudziwa, onse achitepo kanthu kuti amvane, ndipo pomaliza agwirizane chochita. Pa matenda oiwalaiwala anthuwo sakhala awiri. Amakhala atatu kapena kuposa, ndipo aliyense wagwira chidutswa chimene anzake alibe.

Dokotala akudziwa kafukufuku, mtima, impso ndi mankhwala osagwirizana. Koma amamuona wodwalayo mphindi zochepa, atasambitsidwa, atavekedwa zoyera, ndipo okalamba ambiri odwala matendawa amadziwabe kupereka moni waulemu ndi kuyankha kuti "Ndili bwino, kaya inu adokotala," moti mlendo sangaganize kuti pali vuto. Amene akudziwa zenizeni ndi gadiyani, yemwe nthawi zambiri amakhala mwana wamkazi, mpongozi kapena mdzukulu amene wasiya sukulu. Iyeyu ndiye akudziwa kuti nsima ikubwerera theka, kuti usiku wadzulo anadzuka katatu, kuti piritsi limakhala m'tsaya mpaka litasungunuka kenako n'kulavulidwa kuseri kwa chitseko. Zimenezi si nkhambakamwa. Ndi umboni wofanana kulemera ndi zimene makina akuchipatala amaonetsa, ndipo dokotala amene safunsa gadiyani akusankha ali m'chimbulimbuli.

Chimene chimandipweteka m'mabanja athu n'chakuti wodziwa zambiri ndiye amakhala ndi mawu ochepa. Amene amatumiza ndalama kapena mankhwala kuchokera ku Lilongwe, Johannesburg kapena Manchester amaimba foni n'kugamula, amalume monga mwinimbumba n'kuvomereza, ndipo mlongo amene amachapa zofunda amangouzidwa. Wakutaliyo sachita zimenezi mwa nkhanza. Mapiritsiwo ndiwo njira yokhayo imene wapeza yosamalirira amayi ake ali kutali, ndipo kumuuza kuti asiye kutumiza kuli ngati kumuuza kuti sakufunikanso. Ndi bwino kumumvetsa, komanso kumuuza mosabisa. Mlongoyo anganene kuti, "Achimwene, sindikukana thandizo lanu. Koma amayi atsika pa sikelo kawiri kotsatizana, ndipo mwezi uno agwa pabafa. Tiyeni tsiku lopita kuchipatala mukhale pafoni, mumve nokha zimene adokotala anene." Ndalama yomweyo ikhoza kugula mkaka, matewera a akuluakulu, kapena kulipira munthu woti agone ndi amayi masiku awiri pa sabata kuti mlongoyo apumeko.

Pansi pa mikangano yambiri yotere pamakhala mantha amodzi: tikasiya, anthu adzati tawataya amayi, ndipo akamwalira tidzati tawapha ndife. Mantha amenewa ayenera kutchulidwa poyera, ndipo ndi udindo wa dokotala kunena momveka kuti mankhwalawa si ochiritsa, kuti matendawo akupitirira kaya amwe kaya asamwe, ndiponso kuti kusiya piritsi limodzi si kusiya kusamalira munthu. Dokotala amene amangoti "Sankhani nokha, ndinu eni ake" wawasenzetsa katundu amene anafunika kunyamulirana. Wabwino amanena maganizo ake ndi zifukwa zake, n'kufunsa banjalo chimene likuona kuti n'chofunika koposa panopa: kuti agogo adye ndi kukhuta, kuti agone usiku, kuti asagwe, kapena kuti azithabe kukhala m'tchalitchi mpaka mapemphero atatha. Mayankho a mafunso amenewa salembedwa m'buku lililonse la zamankhwala.

Wachitatu ndi mwini thupi, amene kawirikawiri amakambidwa ali pomwepo ngati kulibe. Lamulo la ku England ndi Wales la Mental Capacity Act la 2005, limene abale athu ambiri ogwira ntchito m'nyumba zosungirako okalamba kumeneko amaliphunzira asanayambe ntchito, lili ndi mfundo zoyenera kuziganizira kulikonse. Munthu aziyesedwa wotha kusankha yekha mpaka zitatsimikizika kuti sangathe. Athandizidwe m'njira iliyonse kuti amvetse. Kusankha zimene ena akuona kuti n'zopanda nzeru si umboni wakuti mutu sukugwira. Ndipo kulephera pa nkhani imodzi sikutanthauza kulephera pa zonse: agogo amene sangathenso kusunga ndalama akhoza kudziwa bwinobwino kuti piritsi loyera lija limawachititsa nseru. Afunseni pa nthawi imene mutu wawo umakhala wopepuka, kwa ambiri ndi m'mawa, pamalo opanda phokoso, funso limodzi lalifupi: "Agogo, mankhwala awa mukamwa mukumva bwanji m'thupi?" Ndipo nthawi yabwino koposa yofunsa ndi pachiyambi penipeni, tsiku limene mankhwala akuyambidwa, munthu akadali ndi mawu ake onse. Anene yekha kuti akufuna adzasiye zikadzafika pati, ndi amene adzamulankhulire iye akadzalephera. Zimenezo zilembedwe.

Mawu akatha, thupi limalankhulabe. Kukukuta mano, kutembenuza nkhope, kukankha dzanja la wopereka mankhwala, zonsezi ndi kuyankha. Mabanja ambiri amafika pophwanya piritsi n'kulisakaniza m'phala. Ku England kuchita zimenezi mobisa kumaloledwa pokhapokha dokotala, wa ku famase ndi achibale atakhala pansi n'kugwirizana kuti munthuyo sangathe kusankha ndipo mankhwalawo ndi ofunikadi kwa iye. Pali zifukwa zomveka. Mapiritsi ena opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono saphwanyidwa. Ndipo donepezil ndi wowawa, moti agogo akalawa kuwawako m'phala kawiri katatu amayamba kukana phala lenilenilo, mwinanso kunena kuti akuthiridwa poizoni. Pamenepo banja lataya chakudya ndi chikhulupiriro pofuna kupulumutsa mamalikisi awiri.

Kusiya kwake ndi kuyesa

Chimene chimamasula mabanja ambiri ndi kudziwa kuti kusiya si khomo lotsekeka. Mu 2018 Emily Reeve wa ku University of Sydney, pamodzi ndi akatswiri a Bruyère Research Institute ku Ottawa, anatulutsa malangizo a kasiyidwe ka mankhwalawa. Amati kwa munthu amene wamwa koposa chaka, n'koyenera kuyesa kusiya ngati watsika kwambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ngati sipanaonekepo phindu lililonse chiyambireni, kapena ngati matenda afika kumapeto moti akudalira ena pa chilichonse. Amatchulanso zifukwa zina zimene sizidikira chaka: mwini wake kapena banja lasankha kusiya, akukana kapena akulephera kumeza, mankhwalawo akulimbana ndi ena ofunika, kapena ali ndi matenda ena amene akumutengera kuimfa.

Kasiyidwe kake n'kotsika masitepe. Mlingo umadulidwa pakati, n'kudikira milungu inayi, n'kudulanso mpaka pa mlingo wotsikitsitsa, kenako n'kusiya. Kudikirako kuli ndi chifukwa. Donepezil amachedwa kutuluka m'thupi, theka lake limatenga pafupifupi maola 70, choncho zimene mukuona tsiku lachiwiri sizikukuuzani kanthu. Pa nthawi imeneyi gadiyani akhale ndi kope la sukulu, azilembamo mizere iwiri itatu madzulo alionse: adya bwanji, agona bwanji, agwa kapena ayi, alusa kapena ayi, azindikira ndani. Ndi bwino kuyamba kulemba milungu iwiri mlingo usanasinthe, kuti padzakhale poyerekeza, popeza mtima wa munthu wamantha umaona kuipa paliponse. Musinthe mankhwala amodzi pa nthawi imodzi. Musayese pamene agogo akudwala malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo, pamene angosamutsidwa kuchoka kumudzi kupita kutauni, kapena pakhomo pali maliro, chifukwa zonsezi pazokha zimasokoneza mutu ndipo simudzadziwa cholakwa. Akaipira mooneka m'milungu yoyambirira, abwerere pa mlingo umene anali bwino, ndipo banja laphunzirapo kuti piritsilo limagwiradi ntchito. Kutsika kumene kwabwera patapita miyezi yoposa itatu kawirikawiri kumakhala kwa matenda enieniwo.

Kusiya kokonzekera kumeneku n'kosiyana ndi kudukiza. Kwathu mankhwalawa amapezeka movutikira, kawirikawiri ku famase za m'tauni kapena kudzera mwa wachibale wakunja, ndipo paketi ikatha basi yobweretsa ina isanafike, wodwala amakhala milungu osamwa kenako n'kuyambiranso pa mlingo waukulu. Rivastigmine ndi galantamine akadumphidwa masiku oposa atatu amayenera kuyambidwanso pa mlingo wotsikitsitsa, apo ayi kusanza kwake kumakhala koopsa. Malangizo a WHO a mhGAP, olembedwera zipatala zimene zilibe akatswiri, amanena kuti mankhwalawa asaperekedwe mwachizolowezi kwa aliyense woiwalaiwala, koma pokhapokha pamene matenda a Alzheimer atsimikizika, pali katswiri woyang'anira, ndipo pali wosamalira amene angathe kuona mavuto ake. Banja limene silingakwanitse kugula mwezi ndi mwezi lisadzione ngati lalephera. Linene zoona kwa dokotala, ndipo mtengo ukhale gawo la zokambiranazo.

Mankhwala ogonetsa

Pali gulu lina la mankhwala limene m'zipatala zathu odwala matendawa amakumana nalo kawirikawiri kuposa donepezil, ndipo pa ili maganizo anga sali pakatikati. Agogo akayamba kulusa, kuyendayenda usiku kapena kukuwa, amapatsidwa haloperidol, chlorpromazine, risperidone kapena diazepam. Nyumba imakhala bata, aliyense amagona, ndipo mankhwalawo amangolembedwanso mwezi ndi mwezi kwa zaka, popanda wofunsa ngati akufunikabe.

Mu 2005 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti mankhwala atsopano a misala amawonjezera imfa mwa okalamba odwala dementia, ndipo mu 2008 linawonjezera akale monga haloperidol pa chenjezolo. Mu 2009 Sube Banerjee, m'lipoti limene analembera boma la Britain, anayerekeza kuti mwa anthu 180,000 odwala matendawa amene ankapatsidwa mankhwala otere, osapitirira 36,000 ndiwo ankapindulako, ndipo pafupifupi 1,800 ankamwalira chaka chilichonse chifukwa cha iwo. Chaka chomwecho Clive Ballard ndi anzake anaonetsa zotsatira za anthu 165 okhala m'nyumba zosungirako okalamba: patatha zaka ziwiri, 46 pa 100 alionse mwa opitiriza anali moyo, pamene mwa osiyitsidwa anali 71. Ku Britain risperidone amaloledwa pa ukali wa Alzheimer kwa milungu isanu ndi umodzi yokha. Kwa odwala Lewy body, haloperidol angaumitse thupi ndi kuika moyo pachiswe ngakhale pa mlingo wochepa. Diazepam ndi wa gulu lina, koma naye amagwetsa okalamba ndi kuwonjezera kusokonezeka, ndipo womuzolowera sasiya mwadzidzidzi.

Alipo amene amawafunadi. Kafukufuku wa ku America wa 2012 anapeza kuti mwa odwala amene risperidone anawathandiza pa ukali ndi zideruderu, ambiri mwa osiyitsidwa vutolo linabwerera. Mayi wosamalira bambo wamphamvu amene akumumenya sangauzidwe kuti angopirira. Koma asanapatsidwe chogonetsa, afufuzidwe chimene chikuwalusitsa: dzino lobooka, kudzimbidwa, mkodzo wowotcha, njala, kusambitsidwa ndi munthu amene sakumuzindikira. Ndipo tsiku limene mankhwalawo akulembedwa, gadiyani apemphe kuti m'buku la kuchipatala mulembedwenso tsiku lodzaonanso ngati angachepetsedwe.

Mankhwala ena onse amene wodwala akumwa ali ndi mlandu wawowawo, ndipo asakokeredwe m'chigamulo cha donepezil. Ma ARV ndi mankhwala a khunyu sasiyidwa chifukwa chakuti munthu waiwalaiwala. A shuga ndi a BP nthawi zina amafunika kuchepetsedwa munthu akawonda ndi kumadya pang'ono, koma wochepetsa ndi dokotala atayeza. Matenda akafika poti kumeza kwavuta ndipo madzi akutsamwitsa, mapiritsi a ubongo amakhala atamaliza ntchito yawo, ndipo ofunika kutsala ndi ochepetsa ululu ndi kubanika, operekedwa m'njira imene thupi lingalandire.